Zala pa Chinsalu, Nkhope Kuseri

Zaina ndi Amidu, ana a Asiyatu wanga, ndamva. Nkhani yanu yafika kuno ku Entre Lagos komboyo, sitima ya pa njanji, isanafike. Akuti ku Cuamba, m'kachipinda kanu kojambuliramo anthu, moni mukupatsana kudzera mwa makasitomala, chifukwa Amidu akuti ndalama mwasunga zija zigule makina a lamba wachikasu, Zaina akuti ayi, a lamba wofiira. Ndasangalala, ndavina, ndalulutira pang'ono kuseri kwa nkhokwe. Ndinkada nkhawa kuti matenda a pakhomo pano adzatha ndi agogo anu, koma Mulungu ndi wamkulu, mbewu sinatayike. Yamera, ndipo yamera pawiri.

Ndiye khalani pansi, ana inu. Zilembo zanga ndi za sukulu ya kwacha, zina zagona chagada, zina zatsamirana ngati anthu ochokera ku ukwati. Pamene zakukanikani kuwerenga, imbani, zimveka. Ine ndimalemba monga ndimasinjira mpunga: musi kukwera, musi kutsika, pakamwa nyimbo.

Agogo anu aamuna, Che Jafali, sanabadwe ndi lamba m'khosi ayi. Ine ndinakwatiwa ndi msodzi wa ku Chiuta, munthu wa bwato ndi ukonde, wonunkha matemba, wosadziwa kukangana ngakhale ndi udzudzu. Nkhondo itatipitikitsa tinawolokera ku Malawi ndi njinga imodzi: iwo akukankha, amayi anga atakhala pa kaliyala, Asiyatu kumsana kwanga, mphika pamutu. Njinga imeneyo inali m'bale wathu. Tsiku lina ku msasa wa othawa nkhondo ndinayang'ana pamene inkatsamira, palibe. Ndikuona bambo akubwera wapansi, akumwetulira ngati apha mvuu, pachifuwa pakulendewera kabokosi kakuda. Asinthanitsa ndi mkulu wina wojambula amene ntchito inali itamutopetsa. Kumeneko amati kamera, kwathu kuno timati makina. Pa lamba wake panali zilembo zachikasu.

Basi. Kuyambira tsiku limenelo munthu wosadziwa ngakhale kumene khomo la fakitale linaloza anasanduka mng'ono wawo wa eni ake. Ufa wa thandizo umene tinkalandira unali wachikasu, tonse tikudandaula kuti ukununkha thumba, iwo n'kumati, "Koma mtundu wake ndi wabwino."

Inu a lero mumajambula ndi mbale ya nyemba yomwe musanadye. Kale sizinali choncho. M'makina munkalowa rolo, kalamba kakuda kokulungidwa m'kachitini, ndipo malo a nkhope m'menemo anali owerengeka ngati mipando ya shapa, minibasi ya kuno: wakwera wakwera, wotsala adikire ina. Rolo ikadzaza ankapatsira munthu wa pa sitima kuti akaitsukitse ku tauni. Ndiye dikirani, ana inu, dikirani. Mayi ankajambulitsa ali ndi pakati, chithunzi n'kubwera mwana akukwawa. Nthawi zina kunkabwera nkhope za eni, anthu onenepa a kwinakwake atazungulira keke, ife n'kumapatsirana dzanja ndi dzanja, kuwapatsa mayina, kuwakwatitsa, kuwasudzulitsa.

Nanga ine ntchito yanga? Che Jafali anagula chinsalu chachikulu, wolemba zikwangwani wina n'kujambulapo ndege, nyumba yosanja ndi mgwalangwa. Anthu ogona m'zisakasa ankaima patsogolo pa ndegeyo, dzanja m'chiuno, wotchi yobwereka pamkono, kuti abale otsala kuno aone kuti kutsidyako zikuyenda. Mitengo yomangirira chinsalu mphepo inkagwetsa. Koma Mulungu anapatsa wojambula mkazi. Ndinkakwera pa mtondo wozondotsa kuseri kwa chinsalu, manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi asilikali, mpaka nditamva kuti tcha. Ndi pamenepo ndinapeka kanyimbo kanga:

Kwezani, Abiti Mussa, kwezani,
ndege iwuluke, inu mubisale.
Kwezani, Abiti Mussa, kwezani,
manja ndi anu, nkhope nja eni.

Lowani m'nyumba iliyonse kuyambira kuno mpaka ku Chiuta, tsitsani chithunzi chakale pa khoma, muyang'ane m'mphepete mwa kumtunda, pamwamba pa mchira wa ndege. Muona zala. Ndi zanga zimenezo. Ndinapezeka pa maukwati onse, pa Idi iliyonse, pa kutuluka kwa anamwali onse. Palibe mkazi wojambulidwa kwambiri m'boma lino kuposa ine, kungoti kuyambira m'zikhadabo kulekeza pa mfundo yachiwiri.

Apa nyimbo iyambe yaima.

Amayi anga, ku msasa kuja, tsiku lina anasamba, anadzola, anamanga mpango wawo wa ku mzikiti, anapukuta chipini chawo cha pamphuno mpaka ching'anime. Anakhala pa mkeka patsogolo pa ndege, n'kutuma ine, poti mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. "Kawauze bambowo andiike m'kabokosimo, adzukulu adzandione." Ndinakanena. Che Jafali ananjuta mwaulemu wonse, nkhope atatembenuzira kumbali. "Kawauzeni amayi kuti rolo yatsala malo ochepa, ndipo mawa kuli ukwati. Rolo ikubwerayo ayamba ndi iwo."

Rolo inabwera. Inawapeza atagona kale m'dothi la eni. Pambuyo pake ndikatsinzina ndinkaona mpango, ndinkaona chipini, ndinkamva kutsokomola kwawo kwa m'mawa, koma nkhope inkakana. Inasuluka pang'onopang'ono ngati nsalu yoiwalika pa dzuwa, mpaka inatha. Chipinicho ndinachimanga m'kansanza. Mumtima ndinati, ine ndisadzapite choncho. Gwirani pamenepo, ana inu, nkhani yonse yagona pamenepo.

Mtendere utabwera tinabwerera wapansi, poti njinga inali m'khosi mwa agogo anu. Tinamanga pa malo a kwathu, pafupi ndi alongo anga Che Bwanali, eni mbumba, amene nthawi imeneyo ankagulitsa mchere ndi milamba youma. Chaka choyamba anapirira kumva mkamwini wa pamudzi pawo akuitanidwa kuti a fotografu. Chachiwiri sanathe. Anakwera komboyo ya ku Nampula, ulendo wa masiku amenewo, woti umanyamuka ndi chinangwa chophika n'kukafika utachiiwala kukoma kwake, ndipo anabwera ndi makina awoawo. Lamba wofiira.

Akanagula achikasu bwenzi akubwerekana malenti, maso agalasi aja opotokolera kutsogolo kwa makina. Koma ayi. Lenti yachikasu silowa pa thupi lofiira, yofiira silowa pa lachikasu. Eni mafakitale anakonza dala pakamwa posiyana, kuti wolowa m'khola lawo asadzatulukenso. Ndipo amuna athu analowa okha, n'kudzitsekera okha, n'kumanyadira khola.

Pa msika wina ankaima tsidya lino la njanji, wina tsidya ilo.

"Alamu, ndaona chithunzi mwajambula aphunzitsi aja. Mwawaperekeza ku chipatala? Abiriwira ngati adya bowa woipa."

"Zikomo alamu. Inenso ndaona cha a shehe chimene mwajambula inu. Masaya psuu, maso psuu. Anthu akufunsa kuti kodi a shehe anayamba liti."

"Makina anga amaona ndi mumdima momwe."

"Amaona mumdima chifukwa masana amachita manyazi."

Anthu ankasiya malonda kudzamvera ngati mpira wa pa wailesi. Mudzi unagawikana. Osula ndowa anali ofiira, ogulitsa mandasi achikasu, ndipo nkhalamba ina yosaona, imene chibadwire sinaonepo chithunzi, inkalumbira kuti ofiira amatulutsa bwino khungu. Ine ndinali pakati: wofiira pobadwa, wachikasu pokwatiwa, wosajambulidwa konsekonse.

Musaganize kuti ndinangokhala. Ndinapita kwa alongo anga. "Achimwene, ndijambuleni." Anati, "Chemwali, mawa lomwe, bola amuna anu anene pa msika kuti makina awo alephera." Ndinabwerera kwa amuna anga. Anati, "Make Asiyatu, inu kulowa m'makina ofiira? Bola mulowe m'bwato lobooka. Ndikujambulani ndine, rolo ikubwerayo."

Rolo ikubwerayo. Mawu amenewo ndinali nditawasenzapo ndi pakamwa panga.

Amayi anu atatalika anapatsidwa ngodya yawo ya chinsalu. Cholowa. Zala zing'onozing'ono za kumutu kwa ndege ndi zawo. Mudzafunsa kuti nanga chithunzi cha ukwati wawo chili kuti? Funsani agogo anu. Tsiku limenelo Asiyatu anatuluka atakongola ngati mwezi, n'kuima. Uku bambo ake, "Mwana wanga, ndijambula ndine." Uku amalume ake, "Mbumba yanga, ndijambula ndine." Wina akadzutsa makina, wina waima kutsogolo. Ankhoswe analowererapo, mpunga unazizira, mkwati anayasamula. Pamene amagwirizana zoti ajambule onse nthawi imodzi, dzuwa linali litapita kwawo. Zithunzi zinabwera ziwiri, chachikasu ndi chofiira, zonse bii. Aliyense anati cha mnzake ndiye chada kwambiri.

Kenaka kunabwera makina a karitawu, kakhadi kochepa ngati chikhadabo kolowa m'malo mwa rolo. Wajambula, waona pomwepo pa kagalasi ka kumbuyo, chalakwika wafufuta. Shapa yosadzaza. Onse awiri anagula, aliyense ku khola lake. Ine ndinati nthawi yanga yakwana. Ndinasamba, ndinadzola, ndinamanga kapulana yanga, chitenje cha maluwa. Che Jafali anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, anapukusa mutu mwachisoni.

"Nkhope ngati iyi, make Asiyatu, ndiiwononge ndi kalenti ka zithunzi za pa ziphaso? Pali lenti ya nkhope, yaikulu, yoti munthu amaoneka mbee, za kumbuyo zonse n'kusungunuka. Imeneyo ndiyo ya inu."

Mwamva ulemu umenewo? Akazi ena sajambulidwa chifukwa chosakondedwa. Ine ndinali wokongola mopitirira makina. Ndinavula kapulana, ndinakwera pa mtondo.

Lenti ija inabwera ndithu. Inadya mbuzi zathu, inadya zokolola za dzinja lathunthu, n'kufika kuchokera ku Nampula itakulungidwa ngati khanda, yogwirapo kale ntchito kwa eni ena, yolemera ngati mwana wa mphero. Kuno chinyezi cha kunyanja chimameretsa nkhungu m'kati mwa galasi, ndiye agogo anu anaikonzera pogona: ndowa ya chivundikiro, yodzaza mpunga wouma woti uzimwa chinyezicho. Osati wosweka wa nkhuku ayi. Wonunkhira uja, woyamba kukolola, wosinthidwa chaka ndi chaka. Ife m'nyumba tikudya chinangwa ndi therere, lenti ili gone pa mpunga wa Idi. Mkazi mnzanga ameneyo sanasinjepo, sanatungepo madzi, sanalandirepo alendo, koma nkhope yake inkapukutidwa ndi kansalu kofewa m'mawa ndi madzulo.

"Bambo a Asiyatu, yafika. Ndijambuleni."

"Yafika, koma thupi ili ndi laling'ono, likuidyera chithunzi m'mbali. Ifunika thupi lalikulu. Chaka chamawa."

Tikusungira thupi lalikululo, iwe Amidu unabwera ndi uthenga pa foni yako. Ukukumbuka? Unawawerengera agogo ako pakhonde kuti eni a chikasu atulutsa makina a mtundu watsopano, asintha pakamwa, malenti akale salowanso pokhapokha ugule kachitsulo kolumikizira, ndipo mtima wawo wonse wasamukira ku atsopanowo. Agogo ako anakankhira tiyi kumbali.

"Zaka zonsezi ndawaimira pa msika," anatero. "Ndadana ndi alamu anga chifukwa cha iwo. Osandifunsa n'komwe?"

Ndinati, "Pepani bambo. Mwina wamthenga wawo wasochera ku Cuamba. Dikirani, abwera ndi nkhuku kudzapepesa, si abale anu? Paja pa maliro a amayi anatumiza chiyani?"

Che Bwanali anaseka mpaka kugwira nthiti, anazungulira msika wonse kulengeza. Asanamalize kuseka, uthenga wina unafika: ofiira nawonso asintha pakamwa. Tsiku limenelo ku njanji kunali bata, ogulitsa mandasi anasowa chomvera.

Pamenepo Che Jafali anagwidwa ndi matenda osankha. M'mawa akuti, ndigula atsopano achikasu ndi kachitsulo kawo. Masana akuti, ayi, andinyoza, ndisamuka, pali mtundu wachitatu umene anyamata akuutama. Madzulo akuti, ndikasamuka lenti yanga ndiitani, ndipo alamu adzati chiyani pa msika? Ankafunsa aliyense wotsika komboyo atapachika makina, mlendo akati awa ndi abwino, iwo n'kumutsutsa, akati ndi oipa, n'kumutsutsanso. Chimanga chinabzalidwa, chinakololedwa, chinadyedwa, iwo akusankhabe. Sanagule kanthu.

Mudzati, anganga akunama, nanga cha pa khadi la voti? Chimenecho musachitchule. Munthu ali tong'o ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni m'manja, ndipo thukuta linachifufuta kalekale. Nanga foni? Agogo anu analamula kuti mkazi wa fotografu sajambulidwa ndi foni ngati mbuzi ya malonda. Iwe Amidu unandiba kamodzi ndikupeta, ndikudziwa. Foniyo ili kuti lero? Ili pansi pa dambo la mpunga, achule akundionera. Ine ndinkafuna cha pepala, cha pa khoma, choti mwana wa mwana wanu adzachiloze ndi chala cha mafuta.

Dzinja lathali Mulungu anaweruza mlandu. Che Jafali akuchokera ku ukwati ku Chiuta, mvula inawapeza pa dambo popanda pousa, thupi la makina linamwa madzi, silinadzukenso. Lenti yaikulu inali kunyumba pa mpunga wake, ili bwinobwino. Che Bwanali, amene ankaseka ndowa ya alamu awo kuti lenti si mbewa yoti izigona m'mpunga, anapeza yawo itamera nkhungu ngati chigumu cha dzana, aliyense wojambulidwa akutuluka ngati waima mu utsi wa uvuni wa njerwa. Wina diso lopanda thupi, wina thupi lopanda diso. Makasitomala anapita kwa anyamata a mafoni. Koma m'mawa uliwonse madoda awiri ankapitabe ku msika, aliyense tsidya lake, lamba m'khosi, ngati mbuzi zodula chingwe zimene sizikudziwa kuti zamasuka.

Iwe Zaina unawauza pa foni kuti pali mphete yachitsulo, yosadula, imene imakwatitsa lenti yachikasu ku thupi lofiira. Onse awiri anakana ngati wawapatsa nyama yofa yokha.

Ndiye nyengo yozizira ndinadwala ine. Chifuwa. Ndinagona ku chipatala ku vila, katauni kathu, maso kudenga, ndikumva kutsokomola kwa amayi anga kukutuluka pakamwa panga. Ndinati, Abiti Mussa, ukupita, ndipo adzukulu adzakulira akuyang'ana zala. Ndinachira ndi mkwiyo. Mankhwala anathandizako pang'ono.

Zotsatirazi iwe Zaina unaziona, poti unabwera kudzandizonda, koma Amidu kunalibe, ndiye amve. Lachisanu, amuna ali ku mzikiti, ndinavundukula ndowa, ndinatulutsa mkazi mnzanga, ndinamukhazika pa mkeka n'kumuvundikira lichero. Mpunga wake ndinautsuka, ndinauphika, ndinapha ndi tambala. Fungo linakafika ku njanji. Ndinaitana amuna anga ndi alongo anga pa mbale imodzi, poti wochira kumene sakanidwa. Anadya, ananyambita zala.

"Chemwali, mpunga uwu ndi wa munda uti?"

"Funsani alamu anu. Ndi mphasa ya lenti."

Dzanja la Che Jafali linaima pakati pa mbale ndi pakamwa. Ndinachotsa lichero. Lenti ili apo, pambali pake kamtondo ka nsinjiro ndi mtedza wokazinga.

"Bambo a Asiyatu, chinthu ichi chadya mbuzi zanga, chadya mpunga wanga. Lero chigwire ntchito. Kaya chindiona ine dzuwa lisanalowe, kaya chisinja mtedza uwu. Kulemera kwake n'kokwana, ndayesa kale m'manja."

Pamenepo iwe Zaina unatulutsa mphete ija m'chikwama. Unali utabwera nayo mwakachetechete, magazi anga enieni. Che Bwanali anapita kukatenga thupi akung'ung'udza, anabwera nalo akung'ung'udza.

"Lenti yanga sipita chikamwini," anatero Che Jafali, ataikumbatira.

"Inu mwakhala chikamwini pamudzi pano kuyambira tsitsi lili lakuda. Mwafa?" ndinatero.

"Thupi langa likalandira zachikasu lidwala," anatero Che Bwanali.

"Achimwene, ine ndinalandira wachikasu, ndabereka naye Asiyatu, ndipo ndi ine pano."

Mphete inalowa. Nkhoswe yochepa ngati chibangili cha khanda inamaliza mlandu umene unakanika akuluakulu a mudzi wonse. Koma ndi mpheteyo makina sadzipezera okha nkhope, pamafunika kupotokola lenti ndi dzanja, diso lili pa kabowo. Che Jafali anayesa, maso awo a masiku ano akungoona nkhungu. Che Bwanali anayesa, manja akunjenjemera ngati akusefa ufa. Ndipo aliyense anakana kuti mnzake adine, poti wodina ndiye mwini chithunzi. Ndinayang'ana dzuwa, likupendeka. Ndinakumbuka ukwati wa Asiyatu.

"Mpatseni Zaina makinawo," ndinatero. "Inu awiri muli ndi ntchito. Mphepo iyi simukuimva?"

Tinatulutsa chinsalu, ndege itasuluka, nyumba yosanja mbewa zitadya chipinda cha pamwamba. Che Jafali anakwera pa mtondo wanga. Che Bwanali anakwera pa ndowa ya lenti, poti inali yopanda kanthu. Ine ndinalowa m'nyumba, ndipo sindinafulumire. Ndinasamba. Ndinadzola. Ndinamanga kapulana ya maluwa ndi mpango. Ndinamasula kansanza kaja, ndinavala chipini cha amayi, bowo la pamphuno linali likundidikira. Kunja ndikungomva:

"Alamu, kwezani mbali yanu."

"Yanga ili bwino, yapendama ndi yanu."

"Make Asiyatu, fulumirani, mapewa akupweteka."

"Amatero," ndinayankha. "Amapweteka mpaka mwana woyamba akwatiwe, kenaka amazolowera."

Ndinatuluka, ndinakhala pa mpando, ndinakonza kapulana pa mawondo, ndinaimba:

Kwezani, Che Jafali, kwezani,
ndege iwuluke, inu mubisale.
Kwezani, Che Bwanali, kwezani,
manja ndi anu, nkhope ndi yanga.

Tcha.

Chithunzicho unakachitulutsa ku Cuamba, iwe Zaina, chachikulu, n'kutumiza pa shapa. Ndinamasula pepala pakhonde, madoda awiri akusuzumira pa mapewa anga, aliyense atasunga chonyoza chake m'tsaya. Ine ndinkayembekeza mtsikana wakale uja, wokongola mopitirira makina. Ndinaona mayi wokalamba, mpango, chipini, khwinya limodzi lalitali pakati pa maso, pakamwa popendekera kumanzere ngati akufuna kukuseka koma akukupatsa mpata umalize kunama.

Che Bwanali anakhala pansi, pa dothi penipeni.

"Chemwali," anatero, "awa ndi amayi."

Anali iwo. Nkhope imene ndinkaisaka zaka zonsezi ndikatsinzina, ndinali nditaisenza ndekha kuseri kwa chinsalu. Kalilole sanandiuzepo, poti pa kalilole munthu umayamba wakonza nkhope usanayang'ane.

Che Jafali anayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatembenuzira nkhope kumbali, monga ankachitira pamaso pa apongozi awo, anapukuta m'maso ndi lamba wachikasu. Anatsokomola.

"Mwaona mmene chatulukira chipinicho, alamu? Lenti imeneyo."

"Thupi, alamu. Lenti yokha bwenzi ikusinja mtedza."

Ndinawasiya. Chili pa khoma, moyang'anana ndi khomo. M'mphepete mwa kumtunda muli timadontho tosungunuka, poti lenti ya nkhope imasungunula za kumbuyo. Ndi zala zawo. Zanga zinkatuluka bwino kuposa pamenepo.

Tsono inu awiri. Iwe Amidu sindikudabwa, unayamba kuyamwa lamba wachikasu mano asanamere. Koma iwe Zaina, mwini mphete, nawenso walowa m'khola? Mukufuna ndikuuzeni kuti mugule ati? Gulani achikasu, gulani ofiira, gulani a mtundu wachitatu uja, kapena muike chimanga pawiri mufunse nkhuku. Onse ndi abwino, onse adzasintha pakamwa mukadzangowazolowera, ndipo palibe adzabwere ndi phala kudzakuzondani ku chipatala. Kanganani ndithu, ndi magazi, sindingakuletseni.

Koma amayi anu ali pano. Imvi zayamba kumera cha m'makutu, ndipo pa makoma a boma lino akadali zala za kumutu kwa ndege. Bambo awo fotografu, amalume awo fotografu, ana awo awiri mafotografu. Tsiku lina ndinawamva akukupemphani chithunzi pa foni, mwamanyazi, akuseka kuti lisaoneke ngati pempho. Ndinamvanso yankho, poti foni yawo imalankhula ngati wailesi. "Dikirani mama, tikagula atsopano muyamba ndinu."

Mawu amenewo ndikudziwa kumene amathera. Ndinakaikako munthu.

Bwerani Loweruka ndi makina anu akale omwewo, osweka pangodya aja. Akati sanasambe, adikireni. Chinsalu chilipo, mtondo ulipo, ndowa ilipo. Ogwira aliponso awiri, ndipo mapewa awo ayamba kuzolowera.